Kodi timu imubweze katswiri wamfupi wapakati amene anachoka? Zimene nkhani ya Santi Cazorla ikutiphunzitsa

Timu ikangoyamba kusowa njira zopezera zigoli, masapota sachedwa kukumbukira munthu amene anachoka. Kawirikawiri amakhala wosewera wapakati wochepa thupi koma wa luso la mapazi, uja akaugwira mpira anzake onse amapuma. Mkangano woti abwerere kapena ayi wachitikapo ku Arsenal, Liverpool, Borussia Dortmund, Middlesbrough ndi kwina kwambiri. Santi Cazorla wa ku Spain ndi poyambira pabwino, chifukwa atakula kale anabwerera ku matimu ake akale awiri, ndipo konseko zinayenda. Zifukwa zimene zinayendera n'zimene zimasonyezanso chifukwa chake kwa ena zimakanika.

Kodi Cazorla ndani, ndipo anabwerera kuti?

Anabadwa mu Disembala 1984 m'chigawo cha Asturias kumpoto kwa Spain, ndipo mpira anauphunzirira ku Real Oviedo. Timuyo itagwa m'mavuto a zachuma mu 2003 anapita ku Villarreal, komwe anatchukira. Anasewerako chaka chimodzi ku Málaga, kenaka mu 2012 mphunzitsi Arsène Wenger anamutengera ku Arsenal. Msinkhu wake sufika mamita 1.70, koma amamenya mpira ndi mwendo uliwonse mofanana, moti ngakhale makona amatha kuponya ndi wamanja kapena wamanzere. Anali m'gulu la Spain limene linatenga chikho cha Euro mu 2008 ndi mu 2012. Ku Arsenal anatenga chikho cha FA mu 2014 ndi mu 2015, ndipo mu ndime yotsiriza ya 2014 ndi iye anamwetsa chigoli choyamba cha Arsenal pamene Hull City inali itatsogola kale ndi zigoli ziwiri.

Mu Okutobala 2016, pa masewero a Champions League ndi Ludogorets, anatuluka m'bwalo akumva kupweteka pachidendene. Aka kanali komaliza kuvala jezi ya Arsenal pa masewero a mpikisano. Bala la opaleshoni linalowa tizilombo timene tinadya mtsempha wa chidendene pafupifupi masentimita 8, anachitidwa maopaleshoni ambiri motsatizana, ndipo panali mantha oti phazi lidulidwa. Madokotala anachita kuchotsa khungu la pamkono n'kuliika pachidendene. Kontrakiti yake itatha mu 2018, ali ndi zaka 33, anabwerera ku Villarreal. Mu 2023, atasewera zaka zitatu ku Al Sadd ya ku Qatar, anabwereranso kumene anayambira, ku Oviedo.

Ambiri amati mpira wa masiku ano ndi wa anthu a mphamvu. Kodi kuchepa thupi si vuto lokwanira kale?

Ayi, ndipo umboni wake ndi wochuluka. Xavi ndi Andrés Iniesta, amene anatsogolera Spain kutenga Euro 2008, chikho cha dziko lonse cha 2010 ndi Euro 2012, onse ndi a msinkhu wa pafupifupi mamita 1.70. David Silva anatenga ligi ya ku England kanayi ndi Manchester City ali wochepa chomwecho. Luka Modrić analandira Ballon d'Or mu 2018 ndipo anasewerera Real Madrid mpaka ali ndi zaka 39. Ngakhale N'Golo Kanté, amene ntchito yake inali yolanda mipira, ndi wamfupi ngati Cazorla yemweyo.

Munthu wamfupi ali ndi mwayi wake pakati pa bwalo. Amatembenuka msanga, savuta kuima akakankhidwa chifukwa thupi lili pafupi ndi nthaka, ndipo amatha kutuluka ndi mpira pamalo pothinana pamene wamtali akanafuna masitepe awiri kuti atembenuke. Chimene amasowa n'chodziwika: mipira ya m'mwamba sapambana, pa makona a adani sathandiza kutchinga, ndipo mdani wa miyendo yaitali akamudutsa pa liwiro samupezanso. Zofooka zimenezi mphunzitsi amazidziwa asanamugule, ndipo zimakonzeka posankha bwino anthu omuzungulira. Choncho msinkhu si umene uyenera kugamula nkhaniyi. Cazorla anali wamfupi tsiku limene Arsenal inamugula, analinso wamfupi tsiku limene inamulola kupita.

Ndiye chimasintha n'chiyani pakati pa kuchoka ndi kubwerera?

Miyendo. Luso loimika mpira, diso loona mnzako ali patali, ndi nzeru yodziwa nthawi yofulumiza kapena yodekhetsa masewero, zimenezi sizitha msanga, ndipo nthawi zina zimakula ndi zaka. Chimene chimatha ndi liwiro la masitepe oyamba, mphamvu yothamanga kubwerera kumbuyo mpira ukalandidwa, komanso kuchira msanga kuti usewerenso patangopita masiku atatu.

N'chifukwa chake osewera otere akamakula amabwezedwa m'mbuyo pang'ono, kuchoka kuseri kwa womwetsa zigoli kupita pafupi ndi otchinga, kumene mpira amaulandira akuona bwalo lonse. Cazorla anasunthidwa chonchi adakali ku Arsenal. Mu Januwale 2015 Arsenal inagonjetsa Manchester City 2-0 pakwawo pa City, Cazorla atamwetsa penate n'kuponya mpira umene Olivier Giroud anagoletsa ndi mutu. Pambali pake panali Francis Coquelin, mnyamata amene anali atangoitanidwa kuchokera ku Charlton kumene anabwerekedwa. Coquelin ankalanda, Cazorla ankagawa. Masapota akamakumbukira Cazorla wa nthawi imeneyo amaiwala kuti panali munthu wina amene ankamuthamangira.

Villarreal inachita chiyani kuti kubwerera kwake kuyende bwino?

Poyamba, sinagule chikumbutso. Inamulola kuchita nawo zokonzekera sizoni kuti aphunzitsi ndi madokotala amuone ndi maso awo, ndipo itakhutira inamupatsa kontrakiti ya chaka chimodzi. Panalibe ndalama yogulira chifukwa kontrakiti yake ku Arsenal inali itatha. Zikanakanika, timu ikanataya zochepa.

Chachiwiri, panali ntchito yeniyeni yomudikira. Villarreal ndi timu imene kwa zaka zambiri imakonda kusewera mpira wapansi wopatsirana, ndipo ligi ya ku Spain imapereka kampata kopumira kwa wosewera wotere kusiyana ndi ya ku England. Mu Januwale 2019 Cazorla anamwetsa zigoli zonse ziwiri pamene Villarreal inalepherana 2-2 ndi Real Madrid. Sizoni imeneyo timu inavutika mpaka kuopa kutuluka mu ligi, koma inapulumuka, ndipo chaka chomwecho Cazorla anaitanidwanso ku timu ya dziko lake.

Chachitatu, anamupezera omunyamulira katundu. Vicente Iborra, munthu wamtali ndi wa mphamvu, anabwera kuchokera ku Leicester City, ndipo mu sizoni ya 2019/20 anabwereka André-Frank Zambo Anguissa wa ku Cameroon kuchokera ku Fulham. Sizoni imeneyo Villarreal inathera pa nambala 5, Cazorla ali ndi zigoli 11 mu ligi ali ndi zaka 35.

Ngati anali adakali wabwino chotero, kodi Arsenal sinalakwe kumulola kupita?

Tikaona zimene anachita ku Spain n'kosavuta kunena choncho, koma mu 2018 panalibe amene akanalonjeza kuti chidendene chija chidzapirira liwiro la ligi ya ku England. Arsenal inali itamuwonjezera kale chaka chimodzi ali wovulala, Wenger anali akuchoka, ndipo mphunzitsi watsopano Unai Emery ankafuna kumanga timu yake. Kupambana kwa Cazorla ku Villarreal sikutsimikizira kuti akanapambananso ku London.

Chisankho cha Arsenal chimene chimakanganitsa anthu kwambiri n'cha Cesc Fàbregas. Anachoka kupita ku Barcelona mu 2011, ndipo pamene ankachoka kumeneko mu 2014, Arsenal inali ndi mwayi woyamba womugula. Wenger sanaugwiritse ntchito. Chifukwa chake chinali chomveka: anali atangowononga mapaundi oposa 42 miliyoni pa Mesut Özil mu 2013, ndipo analinso ndi Cazorla, Aaron Ramsey, Jack Wilshere ndi Tomáš Rosický. Timu inali yodzaza ndi ogawa mpira, yosowa wolanda mpira. Fàbregas anapita ku Chelsea, anapanga zigoli 18 za anzake mu ligi, ndipo Chelsea inatenga ligi ya 2014/15. Masapota a Arsenal zinawawawa, koma ku Chelsea Fàbregas anapeza Nemanja Matić womutchingira kumbuyo ndi Diego Costa womaliza mipira yake. Ku Arsenal akanapeza anthu asanu ofuna malo ake omwewo. Wosewera mmodzi akhoza kukhala yankho ku timu ina n'kukhala wongowonjezera chiwerengero ku timu inzake.

Masapota amati wobwerera savutika kuzolowera chifukwa amaidziwa kale timu. Kodi zimenezi si zoona?

Zili ndi choonadi chake. Amadziwa mzinda, chilankhulo, nyengo, ogwira ntchito ndi zimene masapota amayembekezera. Safuna miyezi yoti banja likhazikike. Pachichewa timati madzi saiwala khwawa. Koma vuto ndi lakuti khwawalo limakhala litasintha njira pamene madzi anali kwina.

Shinji Kagawa wa ku Japan ndi chitsanzo. Dortmund inamugula motchipa kwambiri kuchokera ku Cerezo Osaka mu 2010, ndipo anathandiza kutenga ligi ya ku Germany kawiri motsatizana. Mu 2012 anapita ku Manchester United, kumene nthawi zambiri ankaseweretsedwa kumbali m'malo mwa pakati. Anabwerera ku Dortmund mu Ogasiti 2014, masapota akuimba dzina lake, ndipo anamwetsa chigoli pa masewero ake oyamba. Mphunzitsi anali yemwe uja, Jürgen Klopp, koma timu sinali ija. Mario Götze anali atapita ku Bayern Munich, Robert Lewandowski amene ankalandira mipira ya Kagawa analinso atapita komweko. Pofika Febuluwale 2015 Dortmund inali pansi penipeni pa ligi, ndipo sizoni itatha Klopp anachoka. Kagawa anadzasewera bwino pansi pa Thomas Tuchel n'kutenga nawo chikho cha dziko la Germany mu 2017, koma sanafikenso pamene anali mu 2012.

Götze nayenso anabwerera ku Dortmund mu 2016. Patangopita miyezi ingapo anapezeka ndi matenda okhudza mmene thupi limagwiritsira ntchito mphamvu, anakhala nthawi yaitali osasewera, ndipo anachoka mu 2020 kontrakiti itatha. Kudziwa njira yopita ku bwalo la zokonzekera kumathandiza mwezi woyamba, koma sikubweza anzako amene munkamvana nawo.

Nanga timu ikasintha kaseweredwe iye atachoka?

Apa m'pamene yankho limakhala loti ayi, ngakhale wosewerayo akhale wa luso bwanji. Philippe Coutinho anachoka ku Liverpool kupita ku Barcelona mu Januwale 2018 pa mtengo woposa mapaundi 100 miliyoni. Chaka chomwecho Liverpool inagula Virgil van Dijk wotchinga kumbuyo ndi goloboyi Alisson, ndipo pakati Klopp, amene panthawiyi anali mphunzitsi wa Liverpool, anadalira anthu othamanga osatopa monga Jordan Henderson, Georginio Wijnaldum ndi Fabinho. Ntchito yopanga zigoli inasamukira kwa otchinga a m'mbali, Trent Alexander-Arnold ndi Andrew Robertson. Timu imeneyo inatenga Champions League mu 2019 ndi ligi mu 2020.

Zinthu zitamuvuta Coutinho ku Barcelona, dzina lake linkatchulidwa kawirikawiri kuti abwerere. Liverpool sinamutenge. Sikuti luso linali litamuthawa, koma malo amene ankasewera anali atafafanizidwa. Kuti alowe, mmodzi mwa othamanga aja akanayenera kukhala pa benchi, ndipo dongosolo lonse lopanikiza adani likanafooka. Anabwerekedwa ku Bayern Munich, kenaka anapita ku Aston Villa mu 2022.

Pa nkhani ya ndalama, kodi wosewera wakale si wotchipa?

Mtengo wogulira ukhoza kukhala wochepa kapena osakhalapo n'komwe, koma malipiro ndi nkhani ina. Munthu amene wachokera ku timu yaikulu amabwera atazolowera malipiro a kumeneko, ndipo akalandira zambiri kuposa amene akusewera sabata iliyonse, m'chipinda chovalira mumayamba manong'onong'o. Komanso wosewera wa zaka zoposa 30 sadzagulitsidwanso pa mtengo wabwino, ndiye ndalama iliyonse imene yalowa mwa iye iyenera kubwerera kudzera m'bwalo basi. Kontrakiti yaitali ndiyo msampha waukulu: akavulala chaka choyamba, timu imalipira zaka zotsalazo munthu ali kunyumba.

Kubwerera kumene kwayenda bwino kawirikawiri kumakhala kwa kontrakiti yaifupi ndi malipiro oganizira thumba la timu. Ku Oviedo Cazorla anavomera malipiro otsikitsitsa amene malamulo a ligi yachiwiri ya ku Spain amalola, ndipo anapempha kuti gawo la ndalama za majezi a dzina lake lizipita ku timu ya achinyamata. Si aliyense angachite zimenezo, ndipo timu isayembekezere kuti wosewera aliyense wakale adzabwera ndi mtima wotero.

Kodi sakutsekereza achinyamata amene akukula?

Zimatheka. Mu Januwale 2012 Paul Scholes, wamfupi mnzawo wa luso logawa mpira, anasiya kupuma n'kubwerera ku Manchester United chifukwa mphunzitsi Alex Ferguson anali ndi ovulala ambiri pakati. Anasewera bwino, ndipo anatenga nawo ligi ya 2013. Koma chaka chomwecho cha 2012 Paul Pogba, ali ndi zaka 19, anachoka kupita ku Juventus atatopa ndi kusapatsidwa mpata. Patapita zaka zinayi United inamugulanso pa mapaundi 89 miliyoni. Sitinganene kuti Scholes yekha ndi amene anathamangitsa Pogba, koma mphindi za masewero n'zowerengeka, ndipo zimene wapatsidwa wamkulu zachotsedwa kwa wina.

Arsenal inasankha njira ina ndi Jack Wilshere. Mu 2021 ali wopanda timu, mphunzitsi Mikel Arteta anamulola kuchita nawo zokonzekera, ndipo masapota ambiri ankafuna apatsidwe kontrakiti. Sanapatsidwe. Timu inali ikumangidwa pa Martin Ødegaard, Emile Smith Rowe ndi Bukayo Saka, ndipo thupi la Wilshere linali litavulala kambirimbiri. Anakasewera pang'ono ku Denmark, anasiya mpira mu 2022 ali ndi zaka 30, ndipo Arsenal inamupatsa ntchito yophunzitsa timu ya anyamata osapitirira zaka 18. Anabwereradi kwawo, koma pa ntchito imene akanaikwanitsa.

Lamulo lolola kusintha osewera asanu pa masewero amodzi, limene linayamba mu 2020 n'kukhazikika pambuyo pake, lachepetsako vutoli. Katswiri wamkulu akhoza kulowa mphindi 30 zomaliza adani atatopa, mnyamata n'kusewera zoyambazo. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha wamkuluyo atavomera kukhala pa benchi popanda kudandaula, ndipo nkhani imeneyi iyenera kukambidwa asanasaine.

Ndiye kuti chikondi cha masapota chilibe ntchito pa chisankhochi?

Chili nayo, makamaka ku matimu amene satenga zikho chaka ndi chaka. Juninho Paulista wa ku Brazil, amene anali wamfupi kwambiri, anasewerera Middlesbrough maulendo atatu. Anafika mu 1995, anachoka mu 1997 timu itatuluka mu ligi yaikulu, anathyoka mwendo ali ku Atlético Madrid, anabwerekedwanso ku Middlesbrough mu 1999, ndipo anabwereranso mu 2002 atangotenga chikho cha dziko lonse ndi Brazil. Ulendo wachitatuwu unayamba moipa chifukwa anavulala bondo sizoni isanayambe n'kukhala miyezi yambiri osasewera. Koma mu Febuluwale 2004 anali m'bwalo ku Cardiff pamene Middlesbrough inagonjetsa Bolton 2-1 n'kutenga League Cup, chikho chachikulu choyamba m'mbiri ya timuyo. Chaka chomwecho mphunzitsi Steve McClaren anamulola kupita ku Celtic. Anamubweza pamene anali wofunika, anamumasula pamene ntchito inatha, ngakhale masapota ankamukondabe.

Ku Oviedo chikondi chinali cha mbali zonse. Mu 2012 timuyo ili pafupi kutha chifukwa cha ngongole, Cazorla anali mmodzi mwa osewera ake akale, pamodzi ndi Juan Mata ndi Michu, amene anagula masheya kuti ipulumuke. Atabwerera, sankasewera mphindi 90 sabata iliyonse. Koma mu Juni 2025, ali ndi zaka 40, pa masewero olimbirana malo mu ligi yaikulu, anamwetsa mpira woika ndi mwendo wamanzere pokumana ndi Almería, kenaka penate pokumana ndi Mirandés, ndipo Oviedo inabwerera mu La Liga patatha zaka 24. Chikondi chinadzaza bwalo la Carlos Tartiere, koma zigoli ziwirizo zinachokera ku luso limene linali lisanathe: kumenya mpira woima, ntchito yosafuna liwiro.

Tsono yankho ndi lotani: abwerere kapena asabwerere?

Funso loyenera si loti anali wabwino bwanji, kapena ndi wamfupi bwanji. Mphunzitsi ayenera kutha kuloza pa bolodi malo amene munthuyo akaseweremo Loweruka likubwerali, kutchula dzina la amene adzamuthamangire mpira ukalandidwa, ndi kunena amene akhale pa benchi kuti iye alowe. Madokotala ayenera kuona thupi lake la lero, osati mavidiyo a zaka zisanu zapitazo. Oyendetsa timu ayenera kulemba kontrakiti imene timu ingapirire ngati zonse zitakanika.

Villarreal ndi Oviedo zinali ndi mayankho a mafunso onsewa, n'chifukwa chake zinachita bwino kumubweza Cazorla. Liverpool inalibe malo a Coutinho, Arsenal inalibe malo a Wilshere, ndipo zinachita bwino kukana. Ngati chifukwa chokha chimene chikuperekedwa n'chakuti masapota akumusowa, timu imukonzere masewero otsanzikana kapena imupatse ntchito yophunzitsa ana, koma malo apakati pa bwalo apite kwa amene angagwire ntchito imene timu ikusowa lero.